Ng'oma Inasowa Lachiwiri

Ng'oma inasowa Lachiwiri, koma ine anandiuza Lachitatu m'mawa, ndisanakhale n'komwe pansi.

"Sajeni Eshun, tabwerani kuno," anandiitana Bwana Darko, mkulu wa polisi yathu ya pa Nsuano. Anali ataima pakhomo la kachipinda kosungiramo katundu wa umboni, manja kumbuyo, nkhope ili ngwee ngati munthu woti wadya zonona. "Atibera, mayi. Ng'oma ya amalume anu aja yapita."

Mawu akuti "amalume anu" ankawatchula mokoka dala. Tauni yonse inkadziwa kuti Egya Kobina Bentum ndi mlongo wa mayi anga, ndiponso kuti ndi amene anandilera n'kundiphunzitsa sukulu. Anali woimba ng'oma wamkulu wa Tuafo, limodzi la magulu awiri a asafo a m'tauni mwathu, magulu a amuna amene kale ankapita kunkhondo koma lero amanyamula maliro ndi kuvuula mabwato omira. Tauniyo inkadziwanso kuti m'mawa uliwonse ndimadutsa pakhomo la chitokosi chathu, iwo ali m'kati, ine ndili mu yunifolomu.

Mlandu wawo unali wa maliro. Mtsogoleri wa Atuafo atamwalira, amalume anakapempha chilolezo choti aperekeze mtembo mumsewu ndi ng'oma, monga timachitira. Bwana Darko anakana, akuti gulu linalo, la Dentsifo, likhoza kuyambitsa ndewu. Amalume anaitulutsabe ng'omayo. Lamulo limene anawamangira linali la nthawi ya asilikali, loti anthu asayende chigulu mumsewu, ngakhale pa mwambo wa makolo, polisi isanavomere. Ulamuliro wa asilikali unali utatha, tinali titavotera kale malamulo atsopano oyendetsera dziko, koma lamulo lakalelo linatsalira ngati nsikidzi za m'nyumba ya lendi.

Majisitireti anawapatsa belo, bola alumbire kuti sakaimbanso ng'oma mumsewu. Amalume anakana. Loya wawo anadzuka n'kunena kuti lamulolo likutsutsana ndi malamulo atsopano aja, ndipo majisitireti anatumiza funsolo ku Bwalo Lalikulu ku Accra. Podikira yankho mlandu unaima, amalume n'kutsala m'chitokosi ndi chifuwa chimene chinkawavuta kale.

"Lachisanu tikaonekera kwa majisitireti," anapitiriza Bwana Darko. "Popanda ng'oma tilibe umboni. Boma liuchotsa mlanduwu, mkuluyu azipita kwawo. Simukusangalala?"

Ndinasangalala, sindibisa. Sabata imeneyo amalume anali atayamba kutsokomola magazi, ndipo mayi anga anali atasiya kundiyankha moni.

"Koma wakuba ndiye sitimusiya. Ndamugwira kale, ndi Ebo, mwana wa mkulu yemweyo. Mboni ilipo. Inu mukangolemba zimene mboniyo inene, basi, musadzivute."

Ndinalowa m'kachipindamo. Loko anali wabwinobwino, wosakandika paliponse. Zenera ndi lazitsulo, lodutsa mphaka yekha. Pakona pamene pankakhala ng'oma panali chizindikiro chozungulira pa fumbi, ndipo patsogolo pake simenti inali ndi madontho ouma, ondondozana bwino, osati ngati chinthu chotayika mwangozi. Ndinagwada n'kununkhiza. Unali mowa wa jini.

"Makiyi a muno amasunga ndani, bwana?"

"Ine ndi Kopolo Otoo. Otoo ayenera kuti analedzera n'kusiya chitseko chosakhoma. Simukulimva fungolo? Ameneyo ndithana naye ndekha."

Ndinangoti chabwino bwana. Koma Kwamena Otoo ndinkaimba naye kwaya imodzi kutchalitchi, ndipo chibadwire chake mowa sunadutsepo pammero pake.

* * *

Mboniyo inali Maame Ekua Tawiah, wowamba nsomba kuseri kwa msika. Pansi pa nkhuni zake pankakhala zigubu za kachasu wopanda chilolezo, zimene apolisi tinkangoziyang'anira kumbali.

"Ee, Araba mwana wa Efua, masiku ano umabwera ndi cholembera m'malo mwa mbale? Khala apo. Utsi usakuopse, sumanga munthu."

"Maame, akuti munaona wakuba."

"Ndi maso awiri omwewa." Anaima njo ngati mwana wonena vesi loloweza. "Lachiwiri m'mawa ndinaona Ebo Bentum atasenza ng'oma. Anaiika m'bwato la bambo ake, iye ndi anzake n'kupalasa kulowa nayo panyanja."

"Mwati liti?"

"Lachiwiri. Lemba bwino, usaphonye."

Ndinasiya kulemba. Anandiyang'ana, ine n'kumuyang'ananso, kenako mapewa ake anayamba kugwedezeka ndi kuseka kosatuluka mawu.

Kuno Lachiwiri bwato silikhudza madzi. Ndi tsiku limene nyanja imapuma. Amuna onse amakhala pamchenga kusoka maukonde, ndipo woyerekeza kukankha bwato angamubweze asananyowe ndi mawondo omwe. Ebo akanayenera kudutsa ndi ng'omayo pamiyendo ya asodzi a tauni yonse.

"Nanga mwana wa eni mwamunamiziranji?"

"Iwe, bwana wakoyo anabwera pano dzulo masana n'kumakankha nkhuni zanga ndi phazi mpaka anapeza zigubu. Akuti Maame, sankhani, chitokosi kapena umboni. Mawu anandipatsa ndi iyeyo, za bwatozo anapeka yekha. Munthu anakulira kumtunda, nyanja waionera kuno atamera kale imvi. Ine ndikanati bwana mwalakwitsa? Ndine ndani ine wophunzitsa akuluakulu? Ndinati ndinena momwemo, wakumva amva."

"Mukanamupweteka Ebo."

"Pamaso pa majisitireti wobadwira m'mbali mwa nyanja muno? Khoti lonse likanafa ndi phwete." Anatembenuza nsomba pa waya, nkhope n'kusintha pang'ono. "Amene ndikumumvera chisoni ine ndi Kwamena Otoo. Dzulo wadutsa apa ngati waona mzukwa, moni osayankha. Nkhope yonse ija ndi ya bambo ake, malemu Kweku Atta. Iwe sunamuone ameneyo. Akamavina ndi mbendera patsogolo pa amalume ako, akazi tinkapsereza nsomba. Anamira mwanayu akuyamwa, mayi ake n'kubwerera naye kwawo, kumtunda kwa tchalitchi."

Pamenepo sindinaikepo mtima. Maame Ekua akayamba za amuna akale, dzuwa limalowa asanamalize.

* * *

Loya wa amalume uja, Essilfie, ndinamupeza pachipata cha polisi, atangotsika basi ya ku Accra, jekete lakuda litanyowa ndi thukuta. Anali munthu woonda, wolankhula ngati akumuthamangitsa.

"Sajeni, ndamva zonse. Akufuna kuupha mlanduwu usanafike kumene ukupita."

"Akufuna kumasula munthu wodwala," ndinamuyankha. "Inu mumagona pa matiresi ku Accra."

"Ndimagona pa matiresi, inde, koma tulo sindilipeza. Tamverani. Dziko litangolandira ufulu, agogo anga anamangidwa popanda mlandu. Ena omangidwa chimodzimodzi anakadandaula ku bwalo lomwelo, oweruza n'kuwauza kuti mawu a ufulu olembedwa m'malamulo ndi lonjezo chabe la mtsogoleri, khoti silingamukakamize nawo. Tsopano malamulo atsopanowa akunena poyera kuti lamulo lililonse lotsutsana nawo ndi lakufa. Koma pepala silidzuka lokha kukapha lamulo. Pamafunika oweruza atsegule pakamwa n'kunena kuti ili lafa, ndipo akanena kamodzi, mawa sadzanjenjemeranso. Funsolo lili kale patebulo pawo chifukwa cha Egya Kobina. Mlandu ukachotsedwa kuno, funsolo likhala lopanda mwini. Ena mwa oweruzawo mitima igwa pansi, chifukwa akukumbukira zimene zinkawaonekera anzawo nthawi ya asilikali ija."

"Kayambitseni mlandu wina."

"Ndi ndani? Ndipo udzafika liti? Podzafika nthawiyo bwana wanuyu adzakhala atakaniza maliro angati, misonkhano ingati?"

"Chabwino. Oweruza anuwo akhala pansi liti?"

Anayang'ana nsapato zake. "Akuti mvula ikatha."

Mvulayo inali isanayambe n'komwe.

* * *

Chitokosi chathu chili kumapeto kwa kanjira kamdima, ndipo m'kanjiramo, moyang'anizana ndi chitseko chazitsulo, muli mgolo waukulu wosungira madzi a akaidi. Woyamba kundiona anali Ebo, msuweni wanga, diso limodzi litatupa.

"Msuweni, mwandimanga ndisanabe kanthu, chabwino. Koma ngakhale madzi mwatimana? Kopolo akuti mgolowu ukudontha, musathiremo kanthu, wamanga chivindikiro ndi waya. Chilowereni muno tikumwera m'kandowa ngati nkhuku."

Amalume sanali pamalo pawo pa nthawi zonse, pansi pa kazenera pamene pamalowa kamphepo. Mphasa anali ataikokera pafupi ndi zitsulo, pomwe pamatentha ndi kununkha kwambiri.

"Malume, bwererani pazenera, pali mpweya."

"Pano pali bwino, Araba."

"Ng'oma yasowa. Lachisanu akutulutsani."

"Ndamva. Atulutsa ine, Atuafo n'kukhala anthu oba katundu wa boma. Ndipo tsiku limene ndidzafe, mudzapitanso kwa munthu yemwe uja kukagwada kuti akuloleni kundilira."

"Musalankhule za imfa."

"Nanga ndilankhule za ukwati?" Anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa, chifuwacho n'kuwapinda pakati. Ebo anawagwira mapewa. Kansalu kamene anapukutira pakamwa anakabisa msanga pansi pa ntchafu, koma ndinali nditakaona. "Ndinakulipirira sukulu kuti uzifufuza zoona, osati uzindisankhira zoti ndichite. Ng'omayo uifune."

"Ndikaipeza mutsala muno."

"Ndikudziwa."

"Mayi sadzandikhululukira."

"Efua ndi mlongo wanga, ameneyo undisiyire ine."

Sindinapanikizikepo m'moyo mwanga ngati tsiku limenelo. Njira yapafupi inalipo, yoyera bwino. Bodza la Lachiwiri likanamasula Ebo, kusowa kwa ng'oma kukanamasula amalume, ine Lamlungu n'kukadya kwa mayi ngati kale. Chofunika chinali chimodzi chokha, kuti ndikhale wopusa pang'ono mpaka Lachisanu. Ndinaganiza zochita zimenezo, ndipo ndinatembenuka kuti ndizipita.

Potembenukapo ndinaona kumene maso a amalume ankayang'ana. Nthawi yonse imene tinkalankhula sankayang'ana ine. Ankayang'ana mgolo uja.

Ndinawerama. Pansi pa mgolo wodonthawo panali pouma gwa, popanda ngakhale kamzere ka dzimbiri.

Zinthu zinayamba kugwirana m'mutu mwanga, ine ndisakufuna. Madontho a jini ondondozana aja sanali a munthu woledzera. Inali nsembe. Munthu asananyamule ng'oma ya gulu amathira pansi n'kupepesa eni ake amene anatsogola, ndipo wakuba sachita zimenezo, amachita ndi mwana wa ng'omayo. Nanga Kweku Atta ankavina ndi mbendera patsogolo pa ndani? Maame Ekua anali atandiuza, ine osamva.

Kwathu kuno munthu ndi wa kwa mayi ake. Mtundu, nyumba, maliro, zonse timatsata kuchikazi. Koma gulu la asafo lokha mwamuna amatengera kwa bambo ake, ngakhale bamboyo asanamuonepo. Bwana Darko anafunsa kumene Otoo amakhala, anthu n'kumuuza kuti kumtunda kwa tchalitchi, dera la Adentsifo, iye n'kumupatsa makiyi poganiza kuti wapeza mdani wa ng'omayo. Iye anali mlendo. Ine wobadwira konkuno ndinali nditaiwala chimodzimodzi.

* * *

Otoo ndinamupeza kuseri kwa polisi akupukuta njinga imene inali yoyera kale.

"Kwamena, mgolo uja ukudontha pati?"

Nsanza inagwa m'manja mwake. Anayang'ana uku ndi uku, n'kukhala pansi pa dothi, yunifolomu ndi yonse.

"Achemwali Araba, anandiuza kuti ndiiwaze ndi nkhwangwa, zidutswa ndikataye kudambo. Linali Lachiwiri m'mawa, anzathu onse ali pa perete. Akuti iwe ndiwe wa Dentsifo, zikusangalatsa. Ndinalowa nayo ndithu nkhwangwayo. Koma ng'oma ija ndi imene inkalira bambo anga akamavina. Ine nkhope yawo sindiidziwa, ndimangodziwa kuti ankaponda pamene iyo yanena. Manja anakana. Ndinatuluka kukagula kabotolo, ine wa kwaya, ndinathira pansi n'kutchula mayina amene ndinkawamva kwa azakhali. Kutuluka nayo pachipata sikukanatheka, bwana anali atakhala pakhonde. Ndiye ndinakhuthula mgolo, n'kuiikamo, kenako ndinabwera kuno kudzawaza thabwa lakale kuti amve nkhwangwa ikulira."

"Amalume anakuona."

"Anandiona. Anangosuntha mphasa." Anapukuta mphuno ndi dzanja. "Za Ebo sindinkazidziwa, ndikulumbira. Achemwali, ndili ndi ana. Ng'omayi ikatuluka, ntchito yanga yatha."

"Yanganso."

Kumsika kunkamveka amayi akukanganirana nsomba, ndipo ndinawasirira.

"Ine sindingaikhudze, ukudziwa," ndinatero. "Mkazi sagwira ng'oma imeneyi, ndipo sindiyambira lero. Ngati ikupita kukhoti, ipita paphewa pako. Ukaisiya momwemo, ine sindinaone kanthu."

Ndinanena choncho ndikuyembekezera kuti akana, kuti mlandu wa zonsezi ukhale wake osati wanga. Lachinayi lonse anandizemba, ndipo ine ndinadutsa njira ina kuti ndisaone nyumba ya mayi.

* * *

Lachisanu Bwana Darko anatsogola pa galimoto ndi amalume ndi Ebo. Ine ndinatsala m'kanjira kaja, kuyang'ana mgolo ngati munthu wodikira basi imene sakufuna kukwera. Kenako ndinamva nsapato kumbuyo kwanga. Anali Otoo, pulayala ili m'manja, chipewa atachisiya.

Anadula waya, n'kuitulutsa. Inali yonse, chikopa chake chosanyowa.

Kuchokera papolisi kukafika kukhoti msewu ndi umodzi, wodutsa pamsika. Mayi wina wogulitsa tsabola ndi amene anayamba kutitsata. Kenako owamba nsomba anasiya moto, Maame Ekua ali patsogolo akumanga nsalu. Akuluakulu amene sapitanso panyanja anadzuka pamithunzi, a Tuafo ndi a Dentsifo omwe. Palibe anaimba, palibe anafuula, kunkangomveka mapazi. Tili pakati pa msika m'pamene ndinazindikira kuti tasanduka chigulu choyenda mumsewu popanda chilolezo, ndipo wotsogolera ndine, mu yunifolomu ya boma. Kumbuyo kunalibenso kobwerera.

Tinalowa m'khoti woimira boma ali pakati pa mawu. "Poti umboni wa mlanduwu wasowa, boma likupempha kuti..."

Majisitireti, mkulu wa imvi wosakonda kukweza mawu, anatsitsa magalasi. "Nanga icho chikulowacho n'chiyani?"

Otoo anaiika ng'omayo patsogolo pa tebulo, n'kunena zonse monga anandiuzira ine, osadumpha kanthu. Bwana Darko anadzuka nkhope itada.

"Bwana woweruza, anthu awa abwera chigulu popanda chilolezo. Sajeni Eshun, amangeni onsewa."

"Khalani pansi, Bwana Darko," anatero majisitireti. "Kaya lamulo limenelo lili moyo kaya lafa, n'zimene tonse tikudikira kumva kuchokera ku Accra. Mukafuna kumanga tauni yonse, mangani, funso langa lingonenepa. Za nkhwangwazo ndizitumiza kwa akuluakulu anu. Ebo Bentum azipita kwawo. Pempho la boma linaima pa umboni wosowa, umboniwo ndi uwu, choncho mlandu ulipobe."

Loya Essilfie anagwira tebulo ndi manja onse ngati agwa. Majisitireti anatembenukira kwa amalume, mawu n'kufewa.

"Egya, ndikufunsaninso. Simungalumbire kuti ng'omayi muisiya kaye, mukadikirire yankho kunyumba? Chifuwacho ndikuchimva ndili kuno."

"Zikomo, bwana. Ndikalumbira, ndiye kuti ndavomera kuti lamulolo lili ndi mphamvu pa ine. Ndidikira komwe ndili."

Panja anthu ankagwirana chanza. Mayi anga anali ataima pansi pa mtengo, m'manja muli nsalu yoyera imene anabwera nayo kuti adzafunditse mlongo wawo potuluka. Anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato.

"Anali atafika pakhomo, Araba," anatero. "Wamubweza ndiwe."

Sananame.

Titafika papolisi Bwana Darko anandiponyera makiyi pansi. "Mwawafuna muno, atsekereni nokha. Mukatha mubweretse makiyiwo ku ofesi, pamodzi ndi chipewa chanu."

Amalume analowa okha, pang'onopang'ono, akugwira khoma. Ndinakoka chitseko, koma kiyi ankangogunda m'mbali mwa loko. Anatulutsa dzanja lawo pakati pa zitsulo, lotentha ndi malungo, n'kugwira langa monga ankachitira pondiphunzitsa kulemba dzina. Tinapotokola limodzi, loko n'kulira.

Anakokera mphasa pansi pa kazenera kaja n'kusuzumira kumwamba.

"Mitambo yayamba kusonkhana," anatero. "Mvula ikangogwa, tidzayamba kudikira kuti ithe, oweruza aja akhale pansi. Pita, mwana wanga, bwana akudikira."

Sindinapite. Chifuwa chinawagwiranso, chachitali kuposa cha Lachitatu. Ndinaima m'kanjiramo makiyi ali m'manja, kumvetsera mpaka chinaleka, kenako n'kudikira kuti ndimve ngati apumanso.